Dzina Lanu Pansi pa Penti

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Kuno tilipo. Achemwali achira pa chipatala cha Thambani, mwana wamkazi. Manachesi abereka chaka chino, koma mavenda a pa malire akugula ngati akutola.

Nkhani yanga ndi ya chithunzi chija munajambula pa thabwa, cha Mariya atanyamula mwana, chili m'tchalitchi kwathu. Paja amalume, alongo anu, anachitenga ati akapake vanishi, pobwera nacho chili ndi dzina lawo pakona. Inu munkangoti, "Asiyeni, penti sachedwa kusuwa." Amayi, mpaka lero sanasuwe.

Kuntchito kwathu ku Blantyre, komwe timajambula zithunzi zakale kuti zisungike, kuli kamera ya infuraredi. Imaona kuwala kumene maso athu saona, moti imadutsa penti wapamwamba n'kuonetsa zimene munthu analemba ndi pensulo pansi pake. Ndinaibwereka, n'kukwera nayo basi, kenako kabaza mpaka kumudzi.

Lenzi ya kamerayo, galasi lake lakutsogolo, inali yatsopano, yodula, koma inandichititsa manyazi pamaso pa akuluampingo. Chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi banga loyera pakati, m'makona muli mbuu. Anaseka. Ndinaichotsa n'kuika yakale, yokalikakalika, yokhala ndi kadontho kofiira. Ndinaipotokola pang'ono kufika pa kadonthoko, chifukwa kuwala kwa infuraredi sikugwera pamodzi ndi kuwala wamba. Pakona paja, pansi pa dzina la amalume, panatuluka zilembo zanu zopendekera zija: Rozina. Ndinakhala pa benchi.

Mukudziwa zimene akuluampingo anena? Ati ndi matsenga a kompyuta. Ati poti lenzi yoyamba sinaonetse kanthu, yachiwiriyo ndi yabodza. Amalume anangoti zyoli, koma Lamulungu lotsatira anali pa mpando wawo wakutsogolo, tayi ili pakhosi, pansi pa chithunzi chanu. Anthu omwewa ndi amene anadya nyemba pa maliro anu, akukutamani kuti munali mayi wofatsa. Kufatsa kumeneko ndi komwe anakudyerani masuku pamutu.

Ine sindinatengere mtima wanuwo. Chithunzi cha zilembo zanu ndachikulitsa. Pa Misa ya chikumbutso chanu ndidzaima nacho pakhomo la tchalitchi, kaya andithamangitse, mpaka aliyense wodziwa kuwerenga atawerenga.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Dominiko