Chithunzi cha Dalitso pa Snowdon

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino. Ine kuno ku Bilston ndilipo, koma mng'ono wanu Dalitso sali bwino ayi.

Loweruka lapitali anandikakamiza kuti tikakwere phiri la Snowdon ku Wales, ife anthu oti phiri sitinakwerepo chibadwire. Ndinamuletsa chifukwa cha chifuwa chake chija, koma anati, "Achemwali, amayi akumva zoti ndatha thupi. Akandiona pamwamba pa phiri, mtima wawo ukhala m'malo." Anavala majuzi atatu kuti aoneke wonenepa.

Tisanafike ndi pakati pomwe, anayamba kubanika. Akayenda pang'ono ankakhala pamwala n'kutsokomola mpaka misozi. Azungu otsika anatiuza kuti tibwerere, iye n'kungoti, "I'm fine." Tinafika pamwamba ndithu, m'nkhungu, ndipo mayi wina anatijambula.

Lero wagonekedwa kuchipatala cha New Cross, ndipo adokotala akuti ndidziwitse abale.

Chithunzicho ndaika m'kalatamu. Mukawapatse amayi monga wapempha, ndipo muzitipempherera. Koma inu mudziwe kuti pamenepo sindikumukumbatira ayi. Ndikumugwira kuti asagwe.

Ambuye akusungeni.

Mlongo wanu,
Tiyamike