Lipenga la Bambo Lilibe Vuto

Sittard,
14 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene Funs,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mvula sikukata. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve yonse.

Lolemba lapitali Bambo anabwera kushopu kwanga kokonzera malipenga ndi bugel yawo, lipenga lija akhala akuliza m'bandi ya kwathu kwa zaka 61. Analiika patebulo, chipewa osavula.

"Iwe wa madigiri, tapima ichi. Kamtsikana ka Habets kakuti ndikumakwera kuposa anzanga."

Mayi Habets ndi amene akutsogolera bandi tsopano, ndipo si kamtsikana, ali ndi zaka makumi anayi. Anandiimbira foni tsiku lomwelo. Akuti chatha chaka mawu a lipenga la Bambo akumveka pamwamba pa a anzawo, osati phokoso ayi koma kuphonya tchuni, okhala nawo pafupi akudandaula, ndipo mwezi wamawa kuli mpikisano. Pofuna kuwasungira ulemu, anawauza kuti mwina lipengalo ndi limodzi la akale aja, a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, amene ankapangidwa ndi mawu okwererapo. "Josien, likakhala lipenga, tiwabwereka latsopano. Likapanda kukhala lipenga..." Sanamalize.

Ndinalimasula lonse. Mukudziwa kuti lilibe dzina la wopanga, ndipo Bambo amati linali la msilikali. Pansi pa kachivindikiro ka batani lachiwiri, nditapala litsiro, ndinapeza kanambala ndi kachidindo ka sukulu. Ndinafufuza m'mabuku akale, ndinatumizanso zithunzi kwa mnzanga wa ku Belgium. Ndi lipenga la ana ophunzira, lopangidwa cha m'ma 1950 ndi kakampani kena kamene kanatsekedwa kalekale. Mabatani ake ndi oyandikana kuti zala za mwana zifikire. N'chifukwa chake Bambo amapinda zala mwa mtundu uja. Pa zaka zanga zonse pantchitoyi sindinaonepo lina lotere.

Koma 1950 ndi nkhondo itatha. Ndinayeza kutalika kwa chitoliro katatu. Ndinaliliza pamakina oyezera mawu, m'mawa ndi masana, lozizira ndiponso litafunda m'manja, ndi chapakamwa chawo ndiponso changa. Singano ya makinawo inkaima pakati penipeni. Achimwene, lipengali lilibe vuto. Likuposa atsopano ambiri amene ndimakonza.

Loweruka anabwera kudzamva. Ndinawapempha kuti alize liwu limodzi lokha, makina nditawatembenuzira kwa ine. Singano inathawira kumanja, kusonyeza kuti akwera, n'kukhala komweko, iwo nkhope ili phee, akukhutira. Kenako ndinapita kumbuyo kwawo n'kuwafunsa ngati akufuna khofi. Ndinafunsa kawiri. Sanacheuke.

"Ndiye mwapeza matenda anji, adokotala?"

"Ndikudikira yankho la ku Belgium, Ababa."

"Sukulu yonse ija, chitoliro chimodzi sabata yathunthu! Chikanakhala munthu bwenzi titaika kale."

Anaseka, nanenso ndinaseka. Yankholo linali litabwera Lachinayi, lili m'dirowa pafupi ndi bondo lawo.

Tsopano ndiulule. Dzulo, anthu ali kutchalitchi, ndinatenga kasowo. Kungodula chitoliro pang'ono, kosafika ndi chala, lipenga likanakwera mawu, ine n'kunena mosanama kuti ndi lolakwika. Ndinalipana ndithu, ndinaika ndi chizindikiro podula. Ndiye ndinaganiza: awapatsa latsopano, Lachisanu aliliza pamaso pa anthu makumi anayi, akwera chimodzimodzi, ndipo sipadzakhalanso chitsulo choti achiloze chala. Ndinaika sowo pansi. Koma ndikanena zoona, mpando wawo akhalapo wina. Inu muli kutali, simukudziwa kuti chimwalirire Amayi, Bambo amameta ndevu Lachisanu lokha, tsiku la bandi.

Za makina a m'khutu othandiza kumva ndinayesapo kuwauza chaka chatha. Anati iwo amamva bwinobwino, anthu a masiku ano ndiwo amalankhulira m'kamwa.

Mayi Habets akufuna yankho Lachinayi. Ndalemba mapepala awiri, lina loti inde, vuto ndi lipenga, lina loti ayi, onse ndasaina. Musavutike kundilangiza, kalatayi ikamafika zidzakhala zitatha. Lipengalo ndalipukuta, ndathira mafuta m'mabatani, likung'anima. Ndi chokhacho chimene ndatha kukonza.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Ndikupempha chinthu chimodzi. Lachisanu lililonse likubwerali, ikamakwana 8 koloko madzulo nthawi ya kuno, muziimba foni ya m'nyumba mwa Bambo. Ikangolira osayankhidwa, mudziwe kuti akadali kubandi. Akayankha, musafunse kanthu. Mungocheza nawo nthawi yaitali, ndipo muzilankhula mokweza.

Ndine mlongo wanu,
Josien