Apongozi akufuna tsiku, ana akugona pakhonde

Aphungu,

Sindikukulemberani chifukwa ndimakhulupirira kuti munthu wa m'nyuzipepala amathetsa mavuto a anthu. Ndikulemba chifukwa inu simundidziwa, choncho simundiyang'ana ndi kachisoni kaja kamene ndimadana nako.

Ndine bambo wa ana awiri. Ndimagwira ntchito pakampani ya zomangamanga ya apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga. Pachitseko cha ofesi yanga analembapo kuti ndine manijala wa mapulojekiti. Ofesiyo ndi kontena. Muli tebulo, mpando umodzi wabwino, ndi fani yomwe imazungulira pokhapokha uimenye. Udindowo sindinaupemphe. Tsiku lina apongozi anangonena pamaso pa amisiri kuti, "Awa anapita kuyunivesite, ndiye za mapulani ndi zawo." Anaiwala kuwonjezera kuti ndinatulukako chaka chachitatu ndili chimanjamanja. Chifukwa chake musandifunse, ndi nkhani yanga. Dziwani chabe kuti sindinalephere mayeso. Anthu amene ndinkawathandiza masamu lero amavala tayi, amalankhula m'misonkhano ngati nzeru anabadwa nazo.

Zimene ndinaphunzira ndimazidziwa. Mundisonyeze chipilala, ndikuuzani katundu amene chingasenze. Koma kusanja ntchito palibe anandiphunzitsapo: ayambe ndani, adikire ndani, ichi chikachedwa chichedwetsa chiyani. Phunziro limenelo linali la chaka chomaliza. Pa tintchito ta mipanda ndi timashopu zinkayenda, chifukwa ndinkangoima pomwepo n'kumakuwa. Mpanda ukapotoka umangogumula, palibe amene amafa.

Chaka chino tinapeza ntchito yaikulu, yokonzanso wodi ya ana pachipatala china: matailosi pansi, mapaipi a madzi, mawaya a magetsi, siling'i ndi penti. Kuti tigwire ntchito, anawo anawasamutsira pakhonde, n'kutchingapo ndi lona. Akuluakulu a chipatala atafunsa kuti tidzamaliza liti, apongozi anayankha asanandiyang'ane n'komwe kuti kuzizira kusanayambe ana adzakhala atabwerera. Tili m'galimoto pobwerera anandiuza kuti ndilembe pulani yogwirizana ndi lonjezo lawolo.

Ndinaitanitsa amisiri onse m'kontena muja. Apongozi anakhala pampando wabwino uja, atapinda manja. Ndinafunsa mmodzimmodzi kuti ntchito yake imutengera nthawi yaitali bwanji. Wamatailosi anayang'ana apongozi, n'kunena kuti sabata imodzi imukwanira. Pulambala pomva zimenezo anati iyeyo ngakhale sabatayo siitha. Wamagetsi anangoti, "Zitheka, bwana." Ine ndinalemba zonsezo ngati uthenga wa kutchalitchi, n'kuziika pakompyuta, timizere tamitundumitundu tokongola. Apongozi anamata pepalalo pakhoma n'kumalionetsa alendo. Ndinazindikira mochedwa kuti m'chipinda muja palibe anayankha funso langa. Aliyense ankayankha nkhope ya mwini kampani.

Kuti tsiku lija likwane, ndinaika onse kuti ayambe limodzi. Matailosi ndi amene anafika koyamba, ndiye wamatailosi anayala wodi yonse, pansi pakuwala ngati galasi. Pulambala anabwera mochedwa kuchokera kuntchito yake ina, anaima pakhomo, n'kufunsa kuti mapaipi otulutsa madzi a m'masinki adutsa pati. Amadutsa pansi, Aphungu. Tinaswa. Siling'i tinaitseka mawaya asanathe, tinaikanganulanso. Wapenti anapaka khoma lisanaume, pano penti ikutupa n'kumasupuka ngati khungu lopsa.

Ndikudziwa zomwe owerenga anu anene, kuti ngakhale mwana amadziwa kuti paipi imalowa tailosi isanagone. Nanenso ndimadziwa, sindine chitsiru. Koma kudziwa chinthu chimodzi n'kosiyana ndi kugwira zinthu zambirimbiri m'mutu nthawi imodzi, foni ikulira, simenti itachedwa, apongozi akufunsa kuti bwanji amisiri akhala pansi. Kwa iwo mmisiri akakhala pansi ndiye kuti manijala ndi waulesi. Ndiye ndinkapatsa aliyense chochita, chilichonse, bola fumbi lizioneka.

Kuzizira kunafika. Ana akadali pakhonde.

Sabata yatha sisitala woyang'anira wodiyo, mayi wamfupi wosaseka, anandigwira dzanja la malaya n'kundiyendetsa pakhondepo. Mabedi athinana moti umayenda cham'mbali. Diripu yapachikidwa pamsomali. Azimayi amagona pansi pa mabedi, pamakatoni. Lona imakupiza ndi mphepo, ndipo fumbi la simenti yathu lili pamabulangete. Tinafika pabedi lina lopanda munthu, anaima. Anati, "Apa panali kamtsikana ka chibayo. Sindikunena kuti ndinu, ana amamwalira ngakhale m'wodi yabwino. Ine ndikungofuna tsiku loona. Ngati lili kutali, ndipemphe kuti odwala kwambiri tiwatumize kuchipatala china, ngakhale kuli kutali ndipo azimayi akukana. Mukandiuza kuti lili pafupi, ndidikira." Ndinayankha kuti ndimuuza. Anandiyang'ana ngati mmene mumayang'anira galu amene waba koma ndi wa mnansi.

Sabata yamawa kuli msonkhano ndi akuluakulu a chipatala. Apongozi andiuza kale zokanena: "Akamwini, mukanene kuti kumapeto kwa mwezi uno. Osakatichititsa manyazi." Mkazi wanga akuti bambo ake ananditola ndili pa ulova, ndiye ndisayerekeze kuwatsutsa pagulu, akapanda kundikhululukira tidzadya chiyani. Koma zoona zake n'zakuti tsiku lomaliza sindikulidziwa, ndipo sindidziwa mmene amalipezera. Chomwe ndikudziwa n'chakuti si mwezi uno.

Musaganize kuti sindinafunefune maphunziro. Makosi a anthu a zomangamanga amafuna digiri pakhomo. Kumisonkhano ya kuhotela kumapita mabwana, amabwerako ndi zikwama zatsopano ndi mimba. Nditawatchulira apongozi, anati sukulu ndi ya anthu osowa chochita, iwo amanga nyumba zosawerengeka ndi pulayimale yokha. Pali kosi imodzi yamadzulo yomwe imalandira aliyense. Wophunzitsa wake ndi mnzanga wa m'kalasi amene tinkamutcha Fotokope, chifukwa ankakopera ntchito yanga mpaka zolakwa zomwe. Ine ndikakhale pabenchi, Fotokope ali kutsogolo akundifotokozera? Bola ndikakankhe wilibala.

Ndiye ndiuzeni. Ndikanene tsiku la apongozi, kapena ndikaime pamaso pa anthu a matayi n'kunena kuti manijala sakudziwa? Koma musandiuze kuti ndipemphere. Ndili ndi azakhali a ntchito imeneyo.

W.T.M.

Bambo W.T.M.,

Mapemphero ndawasiyira azakhali. Ine ndiyamba ndi yankho: tsiku la apongozilo musakalinene.

Ndipo musadikire msonkhano. Mukangowerenga izi pitani kwa sisitala uja mukamuuze zimene mwandiuza ine, kuti si mwezi uno. Mawu okhawo akumukwanira kuti ayambe kusamutsa ana odwala kwambiri. Sanakupempheni digiri, anakupemphani kuti musamudikiritse.

Kuti simunaphunzitsidwe kusanja ntchito, ndikukukhulupirirani, ndipo si inu nokha. Ambiri amawakhazika pampando umenewo chifukwa ndi akatswiri pa chinthu china, kapena chifukwa ndi abale, kenako amawasiya kuti adzionere okha. Amene analonjeza tsiku asanafunse amisiri ali ndi gawo lake pa zimene zachitikazi. Koma ndawerenga kalata yanu mosamala. Mwalasa apongozi, amisiri, anthu a matayi, mabwana a mimba, Fotokope, ngakhale fani. Lilime muli nalo, achimwene. Ndikungodabwa kuti lilime lakuthwa chonchi linalephera kunena kuti "sindikudziwa" pamene mawuwo akanathandiza.

Tsiku loona limapezeka, ndipo masamu ake ndi apafupi kuposa a chipilala. Onanani ndi mmisiri aliyense payekha, m'wodi momwemo, apongozi kulibe. Musamufunse kuti amaliza liti, chifukwa akupatsani yankho lokusangalatsani. Mufunseni kuti n'chiyani chiyenera kutha iye asanayambe. Mufunseni zomwe ziyenera kukhala zitafika pamalopo, komanso ngati ali ndi ntchito ina kwina. Kenako mufunseni kuti chipinda chotere anachigwirapo kuti, ndipo chinamutengera nthawi yotani. Munthu amanama za mawa, koma za dzulo amanena zoona. Muuzeni poyera kuti yankho lalitali silimuchotsetsa ntchito.

Mukatero dulani timapepala, kantchito kalikonse kapepala kake, muyale patebulo lanu lija. Kamene kamadikira kanzake kakhale kumbuyo kwake. Muona kuti papangika mizere ingapo, ndipo umodzi ndi wautali kuposa yonse. Mzere umenewo ndi umene ukuuzeni tsiku. Muikemo nthawi yoti khoma liume, chifukwa khoma silimva kukuwa. Muikemonso mpata wa katundu wochedwa, popeza mwaona kale kuti amachedwa. Mmisiri amene nthawi yake sinakwane akhale pansi kapena apite kwina. Fumbi si umboni wa ntchito. Funsaninso sisitala ndi amisiri ngati n'zotheka kumaliza kaye mbali imodzi ya wodi n'kuitchinga bwino kuti ana ena alowe msanga. Mwina sizingatheke, koma funsani. Kumsonkhano mukanene masiku awiri, loyambirira zonse zikayenda bwino ndi lomalizira zikavuta, ndipo mukafotokoze chifukwa chake.

Tsopano Fotokope. Muimbireni msonkhano usanafike, adzaone timapepala tanu. Ngati akusekani, aseke. Iye anakopera zanu osachita manyazi, ndipo taonani komwe wafika. Pitani mukakopereko zake. Kosi yamadzuloyo mulembetse, mukhale pabenchi, benchi siluma. Pepala limene munalisiya kuyunivesite lakulamulirani moyo mokwanira. Mumaopa kufunsa kuti anthu angakumbukire kuti mulibe. Amene akuvutika ndi mantha anuwo pano ndi ana oti sadziwa n'komwe kuti yunivesite n'chiyani.

Apongozi musakawadzidzimutse pagulu, pamenepo mkazi wanu akunena zoona. Pitani kwawo msonkhano usanachitike, mwaulemu wonse, muwayalire timapepala tija. Auzeni kuti achipatala angakhululuke kuchedwa, koma kunamizidwa kawiri sangaiwale, ndipo dzina limene lidzade ndi la kampani yawo. Munthu amene wamanga nyumba zosawerengeka amadziwa kuti khoma limafuna kuuma, ngakhale atakwiya. Akaumirirabe tsiku lawo, auzeni modzichepetsa kuti pakamwa panu silituluka. Mkazi wanu musamukalipire, mantha ake ndi a ana anu. Mutengeni akaone khonde lija, kenako mukambirane.

Sindikunamizani kuti zitha bwino. Mwina apongozi akuchotsani ntchito, mwina kunyumba kukhala chete kwa nthawi. Konzekerani zimenezo. Za kamtsikana kaja, inu ndi ine sitikudziwa chimene chikanachitika akanakhala m'wodi, ndipo simudzadziwa. Musadziweruze pa zimene simungadziwe, komanso musazigwiritse ntchito pothawa zimene mukudziwa.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku la msonkhano anthu a matayi adzakuyang'anani, apongozi adzakhosomola, ndipo mawu akuti "kumapeto kwa mwezi" adzafika okha pamilomo, chifukwa ndi opepuka. Pamenepo mukumbukire bedi lija. Pachipatala bedi silikhalitsa lopanda munthu. Pano agonekapo kale mwana wina, ndipo mayi ake ali pansi pake, pakatoni. Tsiku limene mukatchule, amene akalidikire ndi iwowo.

Aphungu