Akuti Anakumana ndi Esinati

Lachinayi, Ogasiti 1986

Lero landinyansa. Amuna anga atsitsimuka m'mawa, atakomoka ndi malungo mpaka tonse kuyesa kuti apita. Ndinagwada pansi m'wodimo, pakati pa odwala othawa nkhondo ku Mozambiki, kuthokoza Mulungu. Kenako amuna angawo anayamba kuyankhula.

"Inetu ndinafa," anawauza abale awo ochokera kwa Kanduku. "Thupi langali ndimaliona pabedipa ine ndili m'mwamba. Ndiye ndinatsata njira yowala, ndikupeza Esinati atavala chitenje chake chobiriwira chija. Sindimafuna kubwerako. Anachita kundibweza yekha, akuti nthawi sinakwane."

Esinati ndi malemu mkazi wawo woyamba. Alamu anga anayamba kuwomba m'manja, wina mpaka misozi.

Ndinafunsa, "Nanga ineyo simunandione muli m'mwambamo?"

"Munalipo," anatero. "Mumachapa kenakake pabeseni."

Kenakake! Ndimachapa zofunda zimene anadziipitsira okha. Chiwagonekereni kuno ku boma ndakhala ndikugona pasimenti, manjawa mpaka asupuka ndi sopo, koma woyamikiridwa ndi amene ali kumanda.

Namwino wandiuza kuti ndisadandaule, malungo akafika kumutu munthu amabwebweta. Mwina. Koma ngati akufa amadziwadi zinthu, ndiye kuti Esinati akungodikirira, ine ndikungomusungira mwamuna wake. Mtima wanga sukuchoka pamenepo.

Madzulo ano apempha phala, ndawamwetsa. Atatha anandigwira dzanja, ine n'kuyesa anena zikomo. Akuti Esinati ankathiramo nsinjiro.