Anankafumbwe a Pulofesa

Lolemba, 2 Seputembala

Ndafika. Maola khumi ndi anayi m'ndege, atatu m'sitima, mapazi atupa mpaka nsapato zikukana.

Pa siteshoni a Pulofesa panalibe. Mwezi watha anandilembera okha kuti, “Ndidzakudikirani pansi pa wotchi yaikulu, mudzandizindikira ndi dazi.” Ndinaima pamenepo ola lathunthu, kumwetulira dazi lililonse lodutsa. Tauni ino madazi ndi ambiri.

Kenaka kunatulukira mayi wamfupi, sekilitale wa dipatimenti, pepala la dzina langa atagwira chozondoka. Anandiuza tili kale m'galimoto. A Pulofesa anagwa m'labu masiku asanu ndi anayi apitawo. Sitiroko. Mbali yakumanja yafa, mawu sakutuluka. “Tinakutumizirani imelo,” akutero. Anatumiza ku adiresi yakale.

Zaka khumi ndi chimodzi tikulemberana, kuyambira pomwe anayesa pepala langa la udokotala, koma sitinaonanepo maso ndi maso. Ndabwera miyezi isanu ndi umodzi kuti timalize buku lathu la anankafumbwe a m'chimanga.

Chipinda chomwe andipatsa: bedi, tebulo, ketulo, windo loyang'ana khoma.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Ndaonana ndi mkulu wa dipatimenti. Ndizimutcha Bwana Tayi, poti akamayankhula amasisita tayi ngati mphaka. Wandipatsa moni, wandipatsa pepani, wandipatsa kiyi. Ofesi ina akuti palibe, ndiye ndikhale mwa a Pulofesa, a P.

Jekete lawo likadali pampando. Magalasi ali pabuku lotsegula. M'kapu khofi anaumira pansi. Pakalendala ya pakhoma, pa tsiku la dzulo, analemba dzina langa, pansi pake: “siteshoni, 3 koloko. Maluwa?”

Pampando wawo sindinakhale. Ndakokera kasitulu ka alendo pakona ya desiki.

Lachinayi, 5 Seputembala

Khadi yotsegulira chitseko cha labu yayamba kugwira lero. Mkati muli kabati yofunda, mashelefu anayi, mabotolo 64. Botolo lililonse mtundu wake wa anankafumbwe, tsiku lolembedwa ndi dzanja lawo lopendekera lija. Ena akhala akuwaweta zaka makumi atatu, mbadwo ndi mbadwo. Asanu ndi awiri ndinatumiza ine.

Chigwereni a P. palibe wawasinthira chimanga, mabotolo ena asanduka ufa okhaokha. Ndatenga sefa, ndasefa mpaka msana kuwawa. Ukatsamiritsa khutu pagalasi umawamva akudya, tetete, ngati mvula yoyamba padenga lakutali. Chifikireni, ndi malo okhawa omwe ndikudziwa chochita ndi manja anga.

Lamulungu, 8 Seputembala

Ndayankhula ndi bambo a Mzime pafoni. “Madala aja akulandira bwanji?” Ine: bwino. Iwo kuseka, amvekere, “Mkazi wanga wakwera ndege kukaweta anankafumbwe, chikhalirecho kwa apongozi ake alipo aulere.” Ndinaseka nawo. Mzime naye analanda foni kufunsa ngati ndakumana ndi agogo a tizilombo aja. Ndinati netiweki ikuvuta.

Ndawanamiziranji? Mwina chifukwa cha mmene anandiperekezera, galimoto ziwiri, achemwali kulira ngati ndikukakwatiwanso.

Masana ndinayenda m'tauni. Masitolo otseka, ana a sukulu panjinga, aliyense zomvera m'makutu. Ndinapereka moni kwa mayi woyandikana naye chitseko, iye anayang'ana kumbuyo kwake kuona amene ndikumulonjera.

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndaphonya basi kawiri. Ndimaima mbali yolakwika ya msewu.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndili m'ofesi chitseko chinatseguka opanda odi. Mayi wamtali, imvi zomanga kumbuyo, chikwama chansalu m'manja. Anandiyang'ana pa kasitulu kanga paja.

“Ndinu inu eti?”

Akazi awo a P. Anabwera kudzatenga magalasi. Ndinaimirira. Iwo anapinda magalasi, kenaka ananyamula jekete nkuligwira pachifuwa.

“Anapenta yekha chipinda cha alendo,” anatero. “Ankati sangalole kuti mudye nokha Lamulungu. Munthu woti sanagwirepo bulashi chikwatirane.”

Ndinapempha kukawaona kuchipatala. Anapukusa mutu. “Osati pano, mwanangu. Sakufuna kuonedwa akutuluka dovu. Nzeru zonse zilimo, akumva chilichonse. Nchimene chikumupweteka.”

Potuluka anatembenuka. “Khalani pampandopo. Msana muuwononga.”

Lachiwiri, 17 Seputembala

Lero linali tsiku langa lofotokozera dipatimenti za kafukufuku wathu. Chipinda cha mipando makumi asanu, anabwera anthu anayi, mmodzi anagona. Pomwe panayenera kuyankhula a P. ndinawerenga ndekha.

Ndikutsuka kapu kukhitchini ndinamva awiri pakhonde. “Ndi mlendo wa mkulu uja.” “Ayi, angomusiya amalize miyezi yake.” Ndinasiya madzi akutuluka mpaka atapita.

Lachinayi, 19 Seputembala

Bwana Tayi wandiitana. Chilolezo chosungira tizilombo tamoyo chili m'dzina la a P., ndipo chikutha pa 30. Kuti chipitirire pakufunika wogwira ntchito wokhazikika asaine. Ndinati ndisaina ine. Akuti mlendo saloledwa. Ndinati nanga inuyo? Anasisita tayi. Akuti iye ndi wa nthaka, za tizilombo sazidziwa, komanso chipindacho anthu ena akuchifuna.

Ndazungulira maofesi asanu ndi fomu m'manja, kugwada kokha ndiye sindinagwade. Aliyense: pepani kwambiri, ndi munthu wabwino, koma.

Kupita nawo kwathu sizingatheke, mapepala ake amatenga miyezi itatu.

Chilolezo chikatha, lamulo lake ndi kuwapha: filiji yoziziritsa kwambiri, masiku asanu ndi awiri, kenaka kuwotcha.

Loweruka, 21 Seputembala

Ndawauza bambo a Mzime zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka: “Ndiye masabata atatu onsewa walira wekha? Bwerera, mayi. Palibe akuseke.” Ndinati ndiganiza. Lero sananene nthabwala ngakhale imodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiliza.

Lolemba, 23 Seputembala

Sekilitale anati atumiza anthu adzaike mabotolo m'filiji. Ndinakana. Ngati afa, afe m'manja mwa munthu wowadziwa.

Ndinayamba ndakopera zonse zolembedwa pamabotolo m'kope, limodzi limodzi. M'botolo lililonse ndinatapamo makumi awiri nkuika mu sipiliti, kuti pakhale potsalira. Kenaka mabotolo pa tolole, maulendo anayi kutsika ndi chikepe. Botolo loyamba lenileni, la chaka chomwe ine ndinali folomu 2, ndinalinyamula pamanja.

Ndinatseka filiji isanakwane 12. Ndinabwerera kukazimitsa kabati yofunda. Sindinkadziwa kuti imalira mpaka itasiya.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Sindinapite kuntchito.

Lachinayi, 26 Seputembala

Mayi aja, akazi a P., anaimba m'mawa. “Akukufunani. Bwerani ndi buku lanulo.”

Chipatala chili kumapeto kwa basi 6. Chipinda cha mabedi awiri, wailesi yakanema yopanda mawu. A P. ndi aang'ono thupi kuposa mmene ndinkaganizira. Pakamwa papendekera kumanja, dzanja lamanja lili pa pilo ngati la munthu wina. Koma maso! Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nakweza dzanja lamanzere. Ndinaligwira ndi manja awiri. Ndinati, “Ndafika, a Pulofesa.” Anayesa kuyankha, kunangotuluka “aa, aa.” Mayi anawapukuta pachibwano.

Analoza mapepala. Ndinayamba kuwerenga mutu wachitatu. Nditafika pa manambala a kutentha, anamenya bulangete, phaa! Ndinabwereza. Phaa! Ndinayang'ana m'kope langa lakale. M'malo mwa 27 ndinalemba 37. Chaka chathunthu cholakwikacho chili mmenemo, ine osachiona. Mayi anaseka mpaka kugwira pamimba. “Mwamuona? Ine zaka makumi anayi ndi zomwezi.”

Kenaka anakodola cholembera. Mayi anawagwirira pepala. Ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, lilime lili kunja ngati mwana wa sitandade 1, anajambula botolo. Analidontheza timadontho mkati. Pambali pake chizindikiro cha funso.

Ndinayang'ana mayi. Iwo anayang'ana pansi. Sanawauze.

Bodza linafika pakamwa, lokonzeka bwinobwino. Koma munthu woti wangogwira 37 ungamunamize? Ndinawauza. Chilolezo, maofesi asanu, filiji. Ndinati ndinachita ndekha, Lolemba, ndipo zolemba zonse ndasunga.

Anatseka maso. Misozi inatsika diso limodzi lokha, lamanzere. Anatembenuzira nkhope kukhoma. Mnzawo wa bedi linalo ankatsokomola. Ndinasonkhanitsa mapepala mwakachetechete, ndinaimirira, ndinati pepani, ndapita.

Dzanja lija linagwira mkono wa juzi yanga. Nkhope ikadali kukhoma. Anandikokera pansi mpaka ndinakhalanso, nagogoda mapepala ndi chala kawiri.

Ndinatsegula tsamba 41. Ndinawerenga.