Phiko la Alamu

Loweruka, 9 Malichi

Phiko la galimoto ya mpikisano latuluka m'chikombole. Losalala, lopepuka, lonyamulika ndi zala ziwiri. Nyengo yonse yozizira yathera pa ilo. M'galaja fungo la utomoni wa faiba, mikono kuyabwa.

Alamu anga a Alwyn anabwera kudzaliona. Kulizungulira ngati akugula ng'ombe. Akuti, "Alamu Clive, ndikauluka n'kukatera ku Wales, ya basi yobwerera ndi yanu." Ndawauza kachikhumi kuti la ndege limakweza, ili ndi lozondoka, limakanikizira galimoto pamsewu.

Kagalimoto kawo anakamanga okha, kanabwera m'mabokosi. Kopanda denga, kopanda zitseko. Kamaboola mphepo ngati kabati ya mbale. N'chifukwa chake phiko.

Lamlungu, 24 Malichi

Kuyesa, pabwalo lakale la ndege. Tinamata timaulusi tofiira ndi tepi thupi lonse la galimoto kuti tione koyenda mphepo. Ulusi wa achemwali anga a Glenys, akazi awo, wobedwa m'dengu lolukira majuzi.

Ine chilili m'mbali mwa njira. Ulusi wonse unagona bwino. Koma ndaona china. A Alwyn ataponda moto kwambiri, mphuno ya galimoto inadzuka. Pang'ono chabe. Phiko lili kumbuyo kwa mateyala: likakanikiza matako, kutsogolo kumapepuka. Mankhwala ake ndikuwadziwa. Thabwa pansi pa mphuno, apo ayi kuchotsa phikolo. Thabwa silingathe mpikisano usanafike.

Atatsika, mano onse pamtunda: "Chiwongolero chapepuka ngati nthenga, alamu! Mwagwira ntchito." Ndinati eya. Anandigulira mowa. Ndinamwa.

Loweruka, 13 Epulo

Mpikisano wokwera phiri. Mvula kunalibe, msewu wouma, palibe chonamizira. Pakhona lomwe amalowa ali pa liwiro lalikulu anakhotetsa, galimoto inangopitirira. N'kukawomba mitolo ya udzu yotchingira msewu.

A Alwyn fupa la paphewa lathyoka. Mphuno ya galimoto zidutswa zokhazokha. Phiko langa silinakalike ngakhale pang'ono. Wina wa m'kalabu ya mipikisanoyi anabwera kudzaligogoda ndi chala n'kufunsa amene analipanga. Ndinakweza dzanja.

Lachitatu, 17 Epulo

Ndapita kunyumba kwawo nditanyamula mphesa. A Alwyn pampando, mkono m'nsalu. Ndinkayembekeza funso. Silinabwere. M'malo mwake akuti, "Khona ndinaliona, alamu. Manja ndiwo anachedwa. Bambo anga zinawayamba chonchi."

Bambo awo ndinawaona m'masiku awo omaliza, tiyi akumwera m'kapu ya khanda chifukwa cha kunjenjemera.

Pakamwa panga panali potsegula kale. A Glenys n'kulowa ndi mbale ya mabisiketi: "Iwe Clive, auze alamu akowa kuti akula, ine akuti ndimalongolola." Ndinatenga bisiketi.

Lamlungu, 28 Epulo

Makiyi onse a Alwyn apereka kwa a Glenys, ngakhale a galimoto yopitira kusitolo. Munthu amene anaphunzitsa theka la mudzi uno kuyendetsa, lero akukhala mpando wakumanzere, chikwama cha akazi awo pamiyendo. Ndawapeza akuyang'ana dzanja lawo, atalitambasula m'mwamba, kudikira kuti liyambe. Silikunjenjemera. Ati likubisa.

Achemwali anga sindinawaonepo osangalala chotere. Akuimba potsuka mbale. Akuti Loweruka loyamba chikwatiwire kugona tulo osaganiza za ambulansi. Ndiye ndikadziuza kuti ndakhala chete chifukwa cha iwo, zimamveka bwino ndithu. Kwa mphindi zingapo.

Utomoni wakweranso mtengo.

Lolemba, 6 Meyi

Kagalimoto kakugulitsidwa. Andipempha ndiumbe mphuno yatsopano, yofanana ndi yakale. Ndaumba.

Wogula anabwera lero. Dokotala wa mano wa ku Ludlow, mipando iwiri ya ana kumbuyo kwa galimoto yake. Injini sanaiyang'ane kawiri. Maso pa phiko basi. Akuti ndi limene lamukoka. A Alwyn kundiloza: "Katswiri wake ndi uyu. Musaone nkhope, m'mutumo muli zinthu."

Adzakatenga Loweruka. Akuti akufuna kukayamba ndi phiri lomwelo.

Pansi pa phiko panatsalira kaulusi kofiira. Ndakamatula, kali m'thumba la malaya. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndanena. M'khitchini mwawo, masana, onse awiri alipo. Zonse: mphuno kudzuka, thabwa lomwe sindinapange, mowa womwe ndinamwa.

Ndinakonzekera kutukwanidwa. Chibakera cha dzanja limodzi ndikanachilandira. A Alwyn anangotambasula dzanja lija. "Ndiye kuti manja angawa ali bwino?" Ndinati sanalakwepo. Anaseka mpaka phewa kuwawa. "Galu iwe," kunena kumeneko misozi ili m'masaya. Aka n'koyamba kunditchula iwe.

Dokotala wa mano amuimbira pomwepo kuti malonda afa. Makiyi achotsa okha pa msomali. Ali pakhomo akutembenuka: "Thabwa lija lingathe liti, alamu?"

A Glenys anandichotsera kapu, tiyi ali momwemo, n'kumukhuthulira m'sinki. Mawu awo onse a lero: "Za ulusi wanga ndinkadziwa. Koma mwamuna unali utandibwezera."

Loweruka, 11 Meyi

Ndaimba kawiri, achemwali sakuyankha. A Alwyn aimba katatu.

Ndayamba kuyeza thabwa. Likakhalapo, mphuno sidzadzukanso. Khona lija adzalidutsa osachotsa phazi pamoto, mothamanga kuposa kale lonse.

Izi a Glenys sindinawauze.