Ba mummy na ketulo wa ndevu

Abby 13:02
ba aunty Regina bafika kale? bati basi ya ku Katete ni mawa m'mawa

Thanda 13:03
sibanafike. ba sisi, zoona bazabatenga ba mummy? ine sinifuna kukakhala ku Chelstone kwa ba uncle, baja bana bamadya ngati makina

Abby 13:05
nanga tichite bwanji. kuchokela malilo ya ba daddy sibachoka mu room. aunty bati ku munzi bazapepukidwa

Abby 13:31
Thanda?

Thanda 13:48
ba sisi musakwiye pls. natenga laptop yanu

Abby 13:48
IWE

Thanda 13:49
nimafuna chabe kuona game yanu ija ya mu hotela, yamene uona manja yako chabe. nafika paja munakangiwa, pa ketulo wamkulu wa ndevu wolonda chitseko. nikamupasa kapu akana, aniseka, ati mutu wanga ni wabwino kuikapo chisote basi

Thanda 13:50
manje mvelani. chitseko cha ku bedroom CHATSEGUKA

Thanda 13:50
ba mummy na chitenge chao chakuda, bati "ndani uyo anyoza mwana wanga m'nyumba mwanga?" 😭

Abby 13:51
unama

Thanda 13:51
🎤 uthenga wa mawu 0:41

Abby 13:53
siningamvele, ba boss bali pafupi. lemba

Thanda 13:55
bakhala pa sofa pafupi na ine!! bafunsa nkhope ya munthu ili kuti, nati munthu ni imwe, muyang'ana na maso yake. basuzumila kumbuyo kwa laptop kaye. nikatembenuka mu game bagwila mpando ati chizungulile

Thanda 13:57
napeleka kapu futi, ketulo akana futi. ba mummy baniyang'ana monga nabachititsa manyazi ku church. bati "uyu ali na ndevu, ni munthu wamkulu. upeleka bwanji chinthu uli chiimilile? ndinakulela tero ine? gwada"

Abby 13:58
ni game Thanda, sachita zimenezo

Thanda 13:58
nabauza!! koma mubadziwa. nadinda ija button yonyonyomala, napeleka nili pansi

Thanda 13:59
ba sisi

Thanda 13:59
WALANDILA

Abby 13:59
ine nakhala pamenepo masabata. naiponya kapu, naiika pa mutu pake, nazunguluka hotela yonse

Thanda 14:01
walila nthunzi m'maso, ndevu zanyowa, ati palibe anamupasapo ulemu chimangileni hotela. ba mummy bamuyankha "zikomo bambo, musalile" 💀

Thanda 14:04
koma kuseli kwa chitseko mayooo. kulibe denga. madzi yali KUMWAMBA monga nyanja yapendeketsedwa koma siyagwa, nsomba zipita pamwamba pa mutu wako zili na tumanyali m'mimba. masitepe yayenda yekha mu mlengalenga. ine tsitsi lachita kuima

Thanda 14:05
ba mummy bagwila pakamwa. bati "anthu ndiwo apanga izi? na manja?" maso yali mbee. kenaka nsomba imodzi yayetsemula, nyali yake yazima, yati sorry

Thanda 14:05
BASEKA

Thanda 14:06
kuja kuseka kwao kwa kale kofika mpaka ku flat ya ba neba bathu ba Cheryl. ba Cheryl basuzumila kale pa window, mawa Kabwata yonse izadziwa

Abby 14:09
nili mu toilet ya ku nchito nilila. jambula

Thanda 14:10
📷 chithunzi

Thanda 14:11
mwaona? balanda mouse. bayenda monga balowa m'nyumba ya eni ake, chitseko chilichonse bati odi kaye. bagunda chipupa, bachipepesa

Thanda 14:26
malaiti yapita as usual. battery ili pa red. charger ili kuti??

Abby 14:27
mu bag yanga kuno ku Woodlands 🤦🏾‍♀️

Thanda 14:33
eh eh ba aunty bafika na ukwa bag yaikulu, ija ya paulendo

Abby 14:33
bakamba chani?

Thanda 14:36
baimilila chabe pa khomo, bag ikali ku dzanja. bati "mulamu, mwadzuka?" ba mummy osacheuka bati "Regina khala pansi, uniuze ngati iyi sitepe ifika uko"

Thanda 14:38
aunty bayamba za basi. bati zonse bakonza kale, ba uncle babwela kunitenga madzulo

Thanda 14:39
laptop yazima 😭 screen bii

Thanda 14:39
banituma ku kitchen. bakamba motsitsa, sinimvela olo nagunditsa khutu ku chitseko

Abby 14:40
yesetsa iwe, si ndiwe katswili

Abby 14:52
Thanda

Abby 15:07
niyankhe

Abby 15:08
📞 sanayankhe

Thanda 15:21
Abby ndine amai ako, ndabwereka foni ya mng'ono wako. Ndamuuza Regina kuti ku Katete sindipita, ndipo mwana wanga sapita kwa munthu. Ukaweruka usachedwe mu town, ubwere nayo nthambo ya makinawa. Kutsogolo kuja ndaonako chitseko china.